Sabata yosankha matabwa a makoma ku Mangochi

Ukalipentala ndaugwira zaka zoposa khumi ndi zisanu kuno ku Mangochi, koma zimene anthu amandiitanira kawirikawiri ndi madenga, zitseko ndi mafelemu, chifukwa khoma kuno timalidziwa kuti ndi la njerwa. N'chifukwa chake Lolemba, pamene mwini malo ena a m'mbali mwa nyanja, chakufupi ndi msewu wa ku Monkey Bay, anandionetsa pafoni chithunzi cha chinyumba chachitali cha makoma a matabwa oimirira, ngati za m'mafamu a ku America, ndinayamba ndakhala kaye chete. Iwo akufuna yoteroyo, ya mamita 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, yosungiramo mainjini a maboti, maukonde ndi chakudya cha mbuzi, ndipo mawu amene anawabwereza katatu ndi akuti, "Amisiri, zomapenta chaka ndi chaka ine ayi."

Lachiwiri ndinazungulira kwa ogulitsa matabwa paboma. Mtima wanga unali pa mlombwa, popeza pakati pake pofiira chiswe sichidya wamba, ndipo ukauma supindika kapena kufota kwambiri. Koma mlombwa wa masiku ano ndi wa mitengo yaing'ono: matabwa ake ndi ochepa m'lifupi, ndipo mbali zake zimakhala zoyera, zomwe zimafumbwa msanga. Ndi wodula kwambiri moti sitingakwanitse kutchingira makoma anayi, komanso amene anali nawo analibe chikalata cha a zankhalango. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakula, kotero ine sindinyamula thabwa la mtengo wachilengedwe lopanda mapepala. Wina anandinong'oneza za mkungudza wa ku Mulanje, umene wakhala mtengo wa fuko lino kuyambira 1984, koma ndinamuyankha kuti mtengo umene watsala pang'ono kutheratu paphiri sindingautchingire maukonde. Bulugamu amang'aluka ukamakhoma msomali, malaina amachedwa kuuma mkati, ndipo paini wosathira mankhwala ndi ndiwo ya chiswe.

Chimene chinatsala ndi paini wolowetsedwa ndi makina mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuola otchedwa CCA, amene amaoneka wobiriwira. Lachitatu galimoto inabwera ndi matabwa obiriwira bwino, ndipo anyamata anga anali atayamba kale kutsitsa pamene ndinawaimitsa. Ndinasolola thabwa limodzi pakati pa mulu ndi kulidula ndi sowo. Kubiriwira kuja kunathera pakhungu, kosafika ngakhale mamilimita awiri, mkati monse muli mbee, zomwe zikusonyeza kuti anangowapaka ndi bulashi. Paini woikidwa m'thanki ya makina amamwa mankhwala mpaka mkati, kupatula pamtima peni peni pamene salowa kwambiri. Katunduyo ndinamubweza, ngakhale dalaivala anadandaula za mafuta ake, ndipo tinaitanitsa wina ku Blantyre, titagwirizana kuti ndalama yotsala idzaperekedwa sowo ikalankhula.

Tsiku limene tinatsutsana kwambiri ndi Lachinayi. Bwana ankafuna vanishi, chifukwa amakonda kuwala kwa zitseko za m'nyumba mwawo. Ndinawatengera ku chitseko cha kukhitchini kwawo komweko, chimene chimayang'ana kumadzulo, ndipo ndinakanda ndi chikhadabo mpaka vanishi anayoyoka ngati mamba a chambo. Dzuwa la Okutobala kuno limaswa chilichonse chimene chimaumira pamwamba pa thabwa, madzi amalowa m'ming'aluyo, ndipo pofuna kukonza pamafunika kupala khoma lonse. Mafuta a matabwa okhala ndi mtundu amalowa mkati, ndipo akasuluka munthu amangotsuka fumbi ndi kupakanso. Oilo wakutha wa m'galimoto, amene ambiri amamukhulupirira, ndinamukana chifukwa amanunkha pakatentha ndipo mvula imamutsukira kunyanja.

Ndinawauzanso kuti ndalama yawo igwira ntchito yaikulu pansi ndi pamwamba kuposa pa thabwa lenilenilo. Maziko a njerwa akwere masentimita 40 kuchokera padothi, kuti madzi odontha kudenga asamathovukire matabwa, ndiponso kuti chiswe chikamanga njira yake ya dothi chizionekera poyera. Malata atuluke masentimita 60 kupitirira khoma. Anaona ngati ndikuwonjezera simenti ndi malata mwadala, koma atawerengera anavomera, monyinyirika ndithu.

Matabwa a ku Blantyre anafika Lachisanu m'mawa, ndipo atatu amene ndinadula anali obiriwira mpaka mkati, koma anali olemera ndi chinyezi. Tinawasanja pamthunzi, timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa, anyamata asanapite kumzikiti. Thabwa la masentimita 20 m'lifupi likakhomedwa lili laliwisi limatha kufota pafupifupi sentimita yathunthu, choncho kukhoma kwenikweni kudikira masabata atatu.

Loweruka tinangopanga kachigawo ka chitsanzo: matabwa oimirira osiyana sentimita imodzi, kathabwa kopyapyala kakuphimba mpata uliwonse, misomali yosachita dzimbiri. Mnyamata wanga wamng'ono anakhoma misomali iwiri m'mphepete mwa thabwa, ndipo ndinamuzulitsa, chifukwa thabwa lomangidwa mbali zonse likamafota limang'ambika pakati. Msomali ukhale umodzi pakati pa thabwa pa mtanda uliwonse, ndipo wa kathabwa kophimba udutse mumpata osakhudza matabwa a m'mbali. Paliponse pamene sowo yadutsa tinapakapo mankhwala.

Tikulongedza zida, ndinaona mlonda wa pamalopo akutolera zidutswa zobiriwira zija m'thumba, akuti akawambire usipa. Ndinawathamangira ndi kuwauza kuti, "Achimwene, izi si nkhuni, muli poizoni wa arsenic, ndipo utsi ndi phulusa lake zimadwalitsa." Anandiyang'ana mokayika, koma anakhuthula thumbalo. Zidutswazo ndazitsekera m'kachipinda ka zida, ndipo kiyi ali m'thumba mwanga mpaka Lolemba.