Batire ya kalavani yosachajika ku Senga Bay, mmene ndinasakira vuto ndi mita

Kalavani imene ndimayang'anira kuno ku Senga Bay ndi ya amalume, anaigula yakale ku Joni n'kuikoka mpaka kuno, pano inangoima pansi pa mtengo wa mango chakufupi ndi nyanja ndipo alendo ndi amene amagonamo. Dandaulo lawo linali limodzi lomweli, magetsi akakhalapo zonse zili bho, mababu akuwala, pampu ya madzi ikukoka, koma akangozima sipatenga nthawi mababu ayamba kufiira, pampu kumangong'ung'udza osatulutsa madzi. Amalume pa foni anangodula nkhani, "mphwanga batireyo yatha, kwera upite ku Lilongwe ukagule ina." Ine ndinati amalume tadikirani kaye ndiyeze, batire ya deep cycle, yopangidwira kutulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ya 105Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire imasunga) si ya ndalama zosewera nazo, ndipo ngati chinaipha chikadali momwemo ndiye kuti yatsopanoyo nayo ikafa imfa yomweyo.

Kwa amene simunalowemo mkati mwa zinthuzi, kalavani imakhala ndi magetsi a mitundu iwiri. Pali 230V amene amabwera pa chingwe kuchokera pa soketi ya panyumba, awa ndi a masoketi, ketulo ndi zina zotero. Ndiye pali 12V, ya mababu, pampu, fani ya kudenga ndi wailesi. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi konveta, kabokosi kamene kamatenga 230V n'kutulutsa 12V, n'kumachajanso batire nthawi yomweyo. Musaisokoneze ndi inveta imene ambirife tili nayo pa sola, ija imachita zobwerera, imatenga za mu batire n'kupanga 230V. Tsono chimene chimapusitsa anthu n'chakuti magetsi akakhalapo konveta ndi imene imayatsa mababu yokha, batire kaya ili moyo kaya yafa simungadziwe, mumadzadziwa usiku umene azima.

Ndinayamba ndi kuzula chingwe cha 230V, kuzimitsa chilichonse mkati, n'kuisiya batire ipume maola angapo, chifukwa batire yongochoka kumene pa chaja imanama, imaonetsa nambala yokwera imene si yake. Kenako multimeter, mita yoyezera magetsi, ndinaiika pa DC 20V, DC ndiwo mtundu wa magetsi a batire, waya wofiira pa plus wakuda pa minus, ndipo ndimagunditsa pa mitu yeniyeni ya batire osati pa zomangira. Inawerenga 11.9V. Batire ya asidi yodzadza imakhala pa 12.6 kapena 12.7, ikafika 12.2 ndiye kuti yatsala theka, pa 11.9 yangotsala pang'ono kutheratu. Chimene ndinkaopa kuona ndi nambala ya cha m'ma 10.5, chifukwa mkati muli zipinda 6 chilichonse cha 2.1V, ndiye ukaona 10.5 kawirikawiri chipinda chimodzi chachita shoti ndipo pamenepo palibenso zokambirana, amalume akanawina.

Ndinabwezera chingwe, mita ili pompo pa batire. Apa nambala imayenera kudumpha kupita cha m'ma 13.6, makonveta ena amayamba ndi 14.4 batire ikakhala yotsika kenako n'kumatsika okha. Yanga inangosuntha kufika 12.1 basi n'kuima. Ndiye kuti moto ukufika koma wochepetsetsa, kapena konveta yafooka kapena pali chikutchinga panjira.

Mbali ya 230V sindinachedwepo. Ketulo inawiritsa madzi pa soketi ya mkati, ma breaker onse ali mmwamba, mita pa AC, mtundu wa magetsi a pa soketi, inaonetsa bwinobwino. Ndinangoyang'ana adaputa, pajatu mapulagi a ku South Africa ndi a mano obulungira pomwe athu kuno ndi aja a makona, ndiye pamalumikizidwe pamenepo pamakonda kutentha n'kusungunuka, koma panali poyera. Wina akakubweretserani kalavani yochokera ku America samalani, zawo ndi 120V, mukangoilumikiza ku 230V yathuyi popanda transformer konveta ipsa pompo.

Konveta ya mwathu ili pansi pa mpando umene umasanduka bedi. Nditatsegula, aaa, mavu aja omanga ndi dothi anali atamanga nyumba ziwiri pa tizibowo ta mpweya, fani yadzadza fumbi ndi ndowe za nalimata. Ndinazula chingwe kaye n'kuchotsa zonsezo ndi burashi youma, bokosi lenilenilo sindinalitsegule, mkati muli ma capacitor amene amasunga moto ngakhale mutazula ndipo amamenya. Izi za fumbi si zongokongoletsa ayi, konveta ikatentha kwambiri imadzichepetsa mphamvu kapena kuzima yokha mpaka izizire, ndiye taganizani kutentha kwa kuno mu Okutobala ili yotsekeredwa pansi pa matiresi fani yosazungulira. Nditayatsanso fani inazungulira, ndinayeza pa mawaya awiri aakulu otuluka pa konvetapo, 13.6V ndendende. Konveta ili moyo.

Ndiye funso linatsala limodzi, pa konveta 13.6, pa batire 12.1, nanga 1.5V yapita kuti pa mtunda wa mamita ochepa okhawa?

Ndinayamba ndi mafyuzi poti ndi osavuta. Pa konveta pamakhala mafyuzi akuluakulu, kwathu ndi awiri obiriwira a 30A, ntchito yawo ndi kupsa munthu akalumikiza batire mozondotsa, plus ku minus. Zimachitika kwambiri anthu akachotsa batire kukaichaja kwina n'kudzaibwezera mumdima, kamphindi kamodzi kokha fyuzi yapita, ndipo kuyambira pamenepo batire siichajikanso. Musayeze ndi maso, ina imaoneka yabwino koma inaduka pakona, ikani mita pa continuity, kaphokoso kamene kamalira ngati njira ya moto sinaduke. Onse awiri analira. Mitundu yake ikuthandizani pogula, wofiira ndi 10A, wa buluu 15A, wachikasu 20A, wobiriwira 30A, ndipo mubwezere wa nambala yomweyo. Pa bolodi ya mafyuzi ang'onoang'ono ndinapeza pamalo a fyuzi ya pampu wina anapotapo kawaya ka mkuwa, kaya ndani kaya liti, ndinachotsa. Kawaya kameneko sikapsa, chimapsa ndi kalavani, ndipo makoma ake ndi timatabwa topyapyala.

Switchi yodulira batire nayo ndinaiona, ija ya kiyi wofiira, anthu ambiri amasaka vuto tsiku lonse kumachita kuti mwana anangoipotokola. Inali yoyatsa.

Apa ndi pamene pali njira imene ndimaikonda, ndipo amisiri ambiri a mumsewu saichita, amangoyeza continuity mita ikalira amati waya ali bwino. Vuto lake mita imalira ngakhale patatsala kaulusi kamodzi ka mkuwa, koma kaulusi kamodzi sikangadutse ma amps 20. Zili ngati ngalande ya kumunda wa mpunga itadzadza matope, kumutu madzi ali tho, kumunda akufika ongonyowetsa dothi. Ndiye muyenera kuyeza moto ukuyenda. Konveta ili yoyaka ikuyesa kuchaja, ndinaika mita pa DC, waya umodzi pa plus ya konveta wina pa plus ya batire, ndinachita kulumikiza kawaya kowonjezera kuti ifike. Inaonetsa 0.3V, yochulukirapo pang'ono koma si mbava yeniyeni. Kenako chimodzimodzi mbali ya minus, kuchoka pa minus ya batire kufika pa minus ya konveta. 1.2V. Pamenepo pamayenera kukhala 0.2 kapena kucheperapo.

Mu kalavani yathu minus ya batire siyenda ndi waya mpaka ku konveta, imangomangidwa ndi bawuti pa chasisi, chimango chachitsulo cha pansi pa kalavani, chitsulo cha chasisicho ndiye njira yobwerera. Ndinagona chagada pa mchenga n'kulowa pansi chakutsogolo kumene kuli chokokera. Bawuti ija inali yofiira ndi dzimbiri, kamutu ka waya kabiriwira n'kuyera ngati ufa, nditangogwedeza ndi chala kanagwedera, ndipo pogwira panali pofunda, chizindikiro choti moto ukuthera pamenepo kusanduka kutentha. Mphepo ya mwera imaponya mchenga ndi chinyezi cha nyanja pansi pamenepo chaka ndi chaka, palibe amene amasuzumirako.

Kukonza kwake si nkhani yaitali koma dongosolo lake ndi lofunika. Chingwe cha 230V kuzula, pa batire kuyamba kumasula minus kenako plus, chifukwa mukayamba ndi plus sipanala ikangokhudza chitsulo ndi moto wa nthethe, ndipo batire yochajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, fodya patali. Bawuti inakana kumasuka ndinachita kuidula ndi sowo. Waya ndinamusenda n'kumadula pang'onopang'ono mpaka nditapeza mkuwa wowala, poti kudera kumalowa mkati mwa chikopa kutali ndithu kuposa mmene mungaganizire. Kamutu katsopano ndi bawuti ndinakagula ku Kamuzu Road ku Salima, achimwene a pa shopu ya zamagalimoto anandifinyira kamutuko ndi chida chawo, osati zomenya ndi hamala zija. Pa chasisi ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kung'anima, kumanga zolimba, girisi pamwamba. Mbali ya plus ija ya 0.3V vuto linali kanyumba ka fyuzi kamene kali pafupi ndi batire, timano take tinali tabiriwira, ndinasintha konse. Mitu ya batire ndinatsuka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, yemweyu wophikira therere, kusamala kuti asalowe m'zipinda chifukwa amapha asidi.

Pobwezera ndi plus kaye, minus pomaliza. Nditayatsa, pa batire 13.3V ndipo ikukwera, fani ya konveta inayamba kulira mwamphamvu, pano ikugwira ntchito yeniyeni.

Koma batire imene yakhala miyezi ili yosadzadza imavulala, mapuleti ake amamera zoyera zolimba zimene sizisungunukanso, ndiye ndinafuna kudziwa yatsala ndi moyo wotani. Nditatsegula zotsekera, madzi anali otsika m'zipinda zonse, chimodzi mapuleti atangotsala pang'ono kuonekera. Ndinathira madzi a batire a m'botolo aja a distilled, ongokwanira kumiza mapuleti, kudzadzitsa kwenikweni ndi pambuyo pochaja poti madzi amakwera ikamachajika. A pa mjigo kapena a m'nyanja ayi, ali ndi mchere umene umaononga, ndipo asidi osawonjezera, chimauluka ndi madzi okha. Ndinaisiya pa chaja usana ndi usiku, kenako kuizula n'kuipumitsa mpaka mmawa. 12.5V. Hydrometer, kachida koyezera kulemera kwa asidi wa m'zipinda, ndinabwereka, batire yodzadza imawerenga cha m'ma 1.265, zipinda zisanu zinali pafupi ndi pamenepo, chija chinatsika madzi chinatsalira pang'ono. Si yatsopano, koma ndinayatsa mababu onse ndi fani usiku wonse popanda 230V, mmawa inali pa 12.3. Ndinawaimbira amalume, anangoti "chabwino mphwanga, ndalamayo ugulire penti."

Panatsala kanthu kamodzi kamene kankandivutabe, ngakhale batire yosadzadza siyenera kufa mwachangu chotero. Ndinazimitsa zonse, kumasula minus, mita pa 10A pakati pa mutu wa batire ndi waya, kuti ndione chimene chimadya mobisa. Inaonetsa zochepa kwambiri, wailesi yosunga masiteshoni ake basi, zimenezo si zachilendo ayi. Mbava inali filiji. Ndi ija ya njira zitatu, gasi, 230V ndi 12V, ndipo ilibe kompuresa, imazizira ndi kutenthetsa, ndiye pa 12V imakoka ma amps cha m'ma 10 osapumira. Alendo magetsi akazima ankangopotokola switchi kupita pa chithunzi cha batire kuti mowa ndi chambo chawo zisafunde, ndani angawadzudzule. Koma werengani, pa 105Ah gawo limene mungagwiritse osaivulaza ndi theka, cha m'ma 50Ah, filiji yokhayo imamaliza zimenezo m'maola 5. Mbali ya 12V ija anaipangira nthawi imene kalavani ikukokedwa, alternator ya galimoto ndi imene ikudyetsa. Mu kalavani zambiri pamakhala relay, kaswitchi kodzidula kokha, yoletsa zimenezi injini ikazima, mwathu wina anailambalala n'kulumikiza molunjika ku batire. Ine ndinangozula fyuzi ya 12V ya filiji poti kalavaniyi siyendanso, ndipo magetsi akazima ndimapita ndekha kukawayatsira pa gasi, nditaona kaye kuti tizibowo ta mpweya ta kunja kwa filiji ndi totsegula.

Amalume akuti akufuna tidzaike sola padenga. Ndawauza kuti mango aja ayenera kusadzidwa kaye nthambi za kumpoto, komanso ngati akuganiza za batire ya lithium ndiye konveta nayo isinthidwe, yakaleyi imangoima pa 13.6 pomwe lithium imafuna kufika 14.2 mpaka 14.6 kuti idzadze bwino. Akuti tikambirana akabwera pa Khirisimasi.