Kuthokoza eni malo oimbira ku Ndirande

Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yathu ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola gitala ya achimwene anga, yomwe inkatidyetsa tonse. Eni malo ena oimbira ku Ndirande, omwe safuna kutchulidwa, anatigoneka m'chipinda chosungiramo zokuzira mawu, ndipo oimba anzawo a achimwene anatipatsa ndalama zonse za pakhomo za Loweruka lina. Mayi wophika pamalopo ankatisungira nsima osatilipiritsa.

Ndikukuthokozani nonsenu, ndipo zimandiwawa anthu akamati malo oterewa ndi a mowa basi. Ndalamazo zinagula malata ndi gitala ina. Lero achimwene akuimbanso pomwepo usiku, ndipo masana, malowo akakhala opanda anthu, amaphunzitsiramo gitala ana a ku Chilobwe, ena mwa iwo amasiye a namondwe yemweyo.