Lachinayi: zitumbuwa, majumbo ndi banki mkhonde

Ndadzuka 4 koloko, kunja kudakali mdima, kusinja nthochi za zitumbuwa. Nthochi zadula kwambiri chiyambire matenda a chisaka amene anawononga minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndiye ngakhale yakuda khungu sinditaya. Ndakazingira pa chitetezo mbaula yanga. Mtolo wa nkhuni womwe unkatha masiku awiri pa mafuwa, pano umandifikitsa kutali. Chimene ndimayamika kwambiri n'chakuti utsi wachepa, ndipo maso anasiya kuyabwa.

Pamsika kasitomala wina wandikwiyira chifukwa ndamukulungira zitumbuwa m'tsamba la nthochi. "Amayi, jumbo palibe?" Ndamuyankha kuti, "Achimwene, pepani, majumbo ndinasiya, koma lawani mumve fungo lake." Wachoka akung'ung'udza, komabe wagula.

Zimandiwawa, chifukwa K500 iliyonse kwa ine ndi ndiwo. Koma ndimadutsa pa mtsinje wa Nasolo tsiku ndi tsiku, ndipo ndimaona ndi maso anga mmene majumbo atsekera madzi. Mvula ikagwa zonsezo zimakathera mu Mudi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, koma mpaka lero ali mbwee m'ngalande. Mbuzi ya malemu agogo anga kumudzi inafa itatupa mimba, ndipo poitumbula tinapeza majumbo okhaokha. Sindifuna kuti dzanja langa liwonjezere pamenepo.

Masana ndatseka bizinesi ola limodzi n'kukagona pamphasa. Kale sindikanayerekeza. Koma anamwino atandiyeza BP anandiuza mosapita m'mbali kuti ndichepetse mchere, ndizimwa mankhwala osadumphitsa, ndizipuma. Ndikagwa ine, ana adya chiyani? Ndadya nsima ya mgaiwa ndi bonongwe wotendera, n'kumwa madzi ambiri, chifukwa dzuwa la Okutobala silikusewera.

3 koloko tinali pakhonde pa apampando, banki mkhonde. Ndaponya masheya awiri. Titawerenga ndalama za m'bokosi, mmodzi mwa ife wangoyamba kulira: ngongole sanabweze, mwamuna wake ali gone m'chipatala. Panakhala chete. Kenako amayi ena achikulire anati, "Anzanga, thumba la zadzidzidzi tinalikhazikitsira chiyani?" Tagwirizana kumutapira kumeneko ndi kumuwonjezera mwezi wopanda chindapusa. Mawa awiri a ife tikamuchapira ndi kuphikira ana.

Tisanabalalike tathandizana kupanga manyowa a Mbeya: madeya, phulusa, ndowe za nkhuku, feteleza pang'ono, n'kuwaza madzi. Phulusalo ndi la m'mbaula yanga yomwe ija, ndakhala ndikulisunga m'ndowa. Tamanga matumba atatu kuti mpweya usalowe, tawaika pamthunzi. Ndalemba pakalendala tsiku lodzamasula, pakatha masiku 21.

Manja akununkhabe ndowe ngakhale ndasamba kawiri. Masamba a nthochi a mawa ndawawamba kale pamoto kuti asang'ambike.