Amayi atatu, dzina likusochera: tsiku la manyazi kwa atolankhani a ku London

Lachiwiri, pa 4 February 2020

Tsikuli layamba ndi manyazi a BBC, latha ndi manyazi a nyuzipepala imene imalemba za manyazi a BBC.

Dzulo Lolemba, kanema ya BBC Parliament, imene imaulutsa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, inaonetsa mayi Marsha de Cordova, phungu wa dera la Battersea, ali chilili kulankhula. M'munsi mwa chithunzi munalembedwa dzina la mayi Dawn Butler, phungu wa Brent Central. Onse awiri ndi amayi achikuda a chipani cha Labour, ndipo kufanana kwawo kwathera pomwepo. Mayi Butler analowa m'nyumbayi mu 2005 ndipo anakhalapo nduna m'boma la Gordon Brown, pamene mayi de Cordova analowa mu 2017 ndipo ndiwo olankhulira chipani chawo pa nkhani za anthu olumala. Mayi Butler anayankha pa Twitter mofatsa koma mobaya: m'bale wawoyo amamukonda, koma iwo ndi anthu awiri osiyana, ndipo Marsha ayenera kutchulidwa ndi dzina lake. BBC yapepesa.

Ndiye lero nyuzipepala ya Evening Standard yalemba nkhaniyi pa intaneti, n'kuikapo chithunzi choti owerenga aone mayi de Cordova enieniwo. Chithunzicho chinali cha mayi Bell Ribeiro-Addy, phungu wa Streatham, amene wangosankhidwa mu December wapitayu. Mayi wachitatu. Nyuzipepalayi yapepesa, nayo kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images, kumene chithunzicho chinachokera chili ndi dzina lolakwika, yapepesanso. Masiku asanu ndi atatu okha chisanachitike cha dzulo, pa 26 January, nkhani za 10 koloko usiku za BBC yomweyi zinaonetsa LeBron James pofotokoza za imfa ya Kobe Bryant, onse awiri akatswiri achikuda a basketball a ku America, chonsecho dzina la James likuwerengeka kumsana kwa jezi.

Mawu amene amanenedwa zotere zikachitika, akuti "n'kulakwitsa chabe kwa munthu", ndi oona, koma safotokoza kanthu. Tiyeni tione njira imene dzina limayenda kuti lifike pansi pa nkhope.

Pa kanema, mayina a aphungu onse 650 amakhala olembedwa kale m'kompyuta, limodzi ndi chipani ndi dera. Ntchito ya woika mayina ndi kusankha loyenera m'masekondi ochepa. Sipikala akamapatsa phungu mpata amatchula dzina lake mokweza, ndiye khutu limathandiza diso. Koma phungu akamadula mnzake mawu, amene amam'patsa mpata ndi wolankhulayo, ndipo kawirikawiri dzina silimveka, chifukwa mwambo wa nyumbayi ndi woti aphungu asatchulane mayina, azitchulana ndi madera awo. Apatu woika mayina amatsala ndi nkhope yokha. Ngati nkhopeyo saidziwa bwino, mutu umam'patsa dzina loyandikira, limene walimva kwambiri sabata imeneyo. Masiku ano dzina la mayi wachikuda wa Labour limene likumveka kwambiri ndi la mayi Butler, popeza akupikisana nawo pa udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani.

Za chithunzi cha nyuzipepala n'zazitali pang'ono, ndipo ndi pamene pali phunziro lenileni kwa aliyense wogwira ntchito pa desiki ya zithunzi. Wojambula akatha kujambula amalemba mawu ofotokoza chithunzi, amene a m'ntchitoyi amati caption, m'kati mwa fayilo momwemo: ndani, kuti, liti. Fayiloyo imapita ku kampani yogulitsa zithunzi, kumene mkonzi amaona ngati chithunzi chili chowala bwino ndi ngati mawu alembedwa molondola. Kuti nkhope ndi dzina zikugwirizana, nthawi zambiri amangokhulupirira wojambula, poti ndiye analipo. Kenako mtolankhani wa nyuzipepala, nkhani ili m'manja ndipo mkonzi akum'pumira m'khosi, amalemba dzina m'bokosi lofufuzira. Kompyuta sifufuza nkhope, imafufuza mawu a mu caption. Imam'bweretsera chilichonse cholembedwa dzinalo, iye n'kusankha chooneka bwino. Anthu atatu kapena anayi agwira chithunzicho, aliyense akuganiza kuti mnzake wa m'mbuyo anatsimikiza kale. Dzina likalakwika pachiyambi limayenda ulendo wonse popanda wolifunsa, ndipo limakhalabe m'nkhokwe ya kampaniyo kudikira nyuzipepala ina.

Chimene chikanaimitsa ulendowu ndi munthu mmodzi yekha woyang'ana n'kunena kuti ayi, awa si iwo. Apa ndi pamene khungu limalowa. Akatswiri a za maganizo anapeza kalekale kuti munthu amazindikira bwino nkhope za mtundu umene anakulira pakati pake. Mu 2001 Christian Meissner ndi John Brigham anaphatikiza zofufuza 39 zokhudza anthu pafupifupi 5,000, ndipo anapeza kuti mpata wosokoneza nkhope umakwera ndi theka n'kupitirira pang'ono nkhopeyo ikakhala ya mtundu wina. Vutoli lili ndi anthu onse. Ifenso tikaona azungu atatu a imvi ovala masuti timatha kusokoneza. Kusiyana kuli pa amene akhala pa desiki. Kafukufuku wa ku City University ku London, wotuluka mu 2016, anapeza kuti atolankhani 94 mwa 100 alionse ku Britain ndi azungu, ndipo akuda ndi awiri okha mwa 1,000. Phungu wachizungu akalembedwa dzina la mnzake, m'chipindamo muli maso ambiri oti aone msanga. Mayi wachikuda alibe maso amenewo.

Sikuti ntchito yotsimikiza ndi yovuta. Kuyambira mu 2017 Nyumba ya Malamulo ili ndi zithunzi zovomerezeka za aphungu pa tsamba lake, zaulere. Hansard, buku la zonse zolankhulidwa m'nyumbayi, limatuluka pa intaneti patangopita maola ochepa, lili ndi dzina la wolankhula aliyense. Kuika chithunzi chogulidwacho pambali pa chovomerezeka, kuona ngati tsiku ndi malo a mu caption zikugwirizana ndi kumene phunguyo anali, ndi kufunsa mtolankhani wa ku Nyumba ya Malamulo amene amakumana nawo m'makonde: zonsezi sizingathe mphindi zitatu. Pa nkhani yoti dzina lasokonezedwa, mphindi zitatuzo zinali ntchito yoyamba. Chisankho cha mu December chinabweretsa aphungu achizimayi 220 ndi aphungu 65 osakhala azungu, 37 mwa iwo amayi. Nkhope 37 mwana wasukulu angaziloweze madzulo amodzi.

Wina anganene kuti dzina pa kanema n'kanthu kakang'ono. Kwa wandale dzina ndiye mpamba. Anthu a ku Battersea amene anatsegula kanema dzulo sanaone phungu wawo akuwalankhulira. Anaona wa dera lina. Mayi Butler, pakati pa mpikisano umene zotsatira zake zidzatuluke pa 4 April, anapachikidwa mawu amene sananene. Ndipo si koyamba kuti iwo aonedwe ngati gulu m'malo mwa munthu: mu 2016 anafotokoza pa wailesi kuti phungu wina anawauza m'chikepe cha aphungu kuti chikepecho si cha okolopa.

Chodabwitsa n'chakuti atolankhani omwewa, amene saona nkhope ya mayi wachikuda akamagwira ntchito, amaiona bwino kwambiri akapunthwa. Mayi Diane Abbott, amene mu 1987 anakhala mayi wachikuda woyamba kulowa m'nyumbayi, ndiwo chitsanzo. Pa 2 May 2017, pa kampeni ya chisankho cha chaka chimenecho, anasokoneza ziwerengero pa wailesi ya LBC: atafunsidwa mtengo wolembera apolisi 10,000 anati £300,000, kenako £80 miliyoni, pamene ndondomeko ya chipani inkati £300 miliyoni pachaka. Kunali kulakwitsa ndithu, ndipo wofuna kukhala nduna ya za m'dziko amayenera kufunsidwa. Koma patangopita masabata awiri Philip Hammond, nduna ya zachuma yeniyeniyo, anaphonya mtengo wa njanji yatsopano ya sitima zothamanga kwambiri ya HS2 ndi ndalama zoposa £20 biliyoni pa wailesi ya BBC. Yake inalembedwa n'kuzilala. Ya mayi Abbott inasanduka nthabwala ya kampeni yonse, ndipo pambuyo pake iwo anaulula kuti nthawiyo matenda a shuga anali atawavuta. Mu April 2019 anajambulidwa akumwa kachitini ka mojito m'sitima ya ku London, mmene mowa ndi woletsedwa, ndipo kachitiniko kanakhala nkhani ya dziko lonse mpaka anapepesa.

Zimene nyuzipepala yabwereza, Twitter imakometsera. Bungwe la Amnesty International litawerenga mauthenga otumizidwa kwa aphungu achizimayi m'masabata asanu ndi limodzi chisankho cha 2017 chisanachitike, linapeza kuti mauthenga onyoza 45 mwa 100 alionse anapita kwa mayi Abbott okha. Ngakhale atachotsa iwo pa chiwerengerocho, aphungu achizimayi akuda ndi a ku Asia ankalandirabe chipongwe choposa cha anzawo achizungu ndi 35 peresenti.

Amayi achizungu nawo sapulumuka, kungoti awo ndi mavuto ena. Mu March 2017 Theresa May, nduna yaikulu ya Britain nthawiyo, ndi Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland, atakumana ku Glasgow kukambirana za Brexit (kutuluka kwa Britain m'mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) ndi tsogolo la Scotland, tsamba loyamba la Daily Mail linafunsa kuti wapambana ndani pa miyendo. Kunali kuwachepetsa, inde. Koma pansi pa miyendoyo mayina analembedwa olondola.

Zopepesa za lero zonse zachitika mwachangu, ndipo chithunzi chachotsedwa. Chimene owerenga sangaone ndi ntchito yotsatira, imene imasonyeza ngati kampani yamvadi. Kukonza caption pa chithunzi chimodzi sikukwanira, chifukwa wojambula akalakwitsa dzina nthawi zambiri amakhala wazilemba pamodzi zithunzi zonse za munthuyo za tsiku limenelo. Ziyenera kufufuzidwa zonse, ndipo uthenga wokonza uyenera kupita kwa nyuzipepala iliyonse imene inazigula, poti makope amene anatsitsidwa kale m'makompyuta awo sadzikonza okha. Zikapanda kutero, chithunzi cha mayi Ribeiro-Addy chidzatulukanso miyezi ikubwerayi, chili ndi dzina la mayi de Cordova, pa nkhani ya anthu olumala kapena ya ku Battersea.