Sabata ya kaundula watsopano wa mfuti

Ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya alonda kuno ku Zomba. Sabata yathayi tinayamba kulemba mfuti zathu m'kaundula wa blockchain. Luso limeneli linatchuka ndi Bitcoin, ndalama za pa intaneti, mu 2009, koma ife sitikulifunira ndalama. Cholembedwa chimasungidwa pa makompyuta angapo nthawi imodzi, ndipo mzere uliwonse umamangirirana ndi wam'mbuyo mwake, moti wosintha tsiku kapena dzina mwakabisira amaonekera poyera. Buku lathu lakale lili ndi masamba othothoka, ndipo mayina ena anafufutidwa.

Lolemba ndi Lachiwiri tinathera m'chipinda chosungira zida. Bambo amene amasunga makiyi, msilikali wopuma, ankatenga mfuti imodziimodzi, kuipukuta mafuta ndi kansanza, n'kuipendeketsa pa zenera kuti andiwerengere nambala yake. Pa mfuti ina dzimbiri linadya kumapeto kwa nambala. "Musalembe zongoganizira, mwana wanga," anatero. "Bodza likalowa mmenemo likhala losafufutika." Ananena zoona. Makinawa amateteza zimene mwalemba, koma saona mfutiyo ndi maso.

Lachitatu magetsi anazima, netiweki nayo inavuta, alonda a usiku anasainira m'buku lakale lomwe lija.

Lachinayi ndiye ndinaona phindu lake. Chipolopolo chimodzi chinasowa pobweza, ndipo pasanathe nthawi tinadziwa amene anatenga, amene anapereka ndi ola lake. Chinapezeka m'thumba la jekete. Panalibe kulozana zala, ndipo mlonda wachinyamata amene kale akanamukankhira mlandu anapita kwawo mtima uli m'malo. Zimenezi kwa ine n'zazikulu, chifukwa kukayikirana kumathetsa ntchito anthu osalakwa.

Chimandidetsa nkhawa n'chakuti mfuti zoopsa kwambiri sizili m'kaundula aliyense. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma ma AK-47 ena anadutsa malire, ndipo ife malirewo tili nawo pafupi, kuseri kwa nyanja ya Chilwa. Mfuti ya gogodera yosulidwa kumudzi ilibe nambala n'komwe. Pangano la SADC la 2001 limafuna kuti mfuti zizidindidwa chizindikiro, ndipo popanda chizindikirocho blockchain ilibe pogwira.

Lachisanu ndinalemba lipoti lopempha batire yosungira magetsi, komanso kuti mfuti ya dzimbiri ija isatulukenso mpaka apolisi, amene amapereka ziphaso za mfuti, ataitsimikizira nambala.