Shelefu ya bulugamu ndi ufa wa apongozi

Ku Nchalo kuno tili ndi nzimbe ndi nimu, koma mitengo yocheka matabwa njosowa. Paini amachokera kumtunda, ku Chikangawa, Zomba ndi Mulanje, ndipo lole ikamatsika phiri la Chikwawa, mtengo wa thabwa umakhala ukukwera pa kona iliyonse. Pomawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, thabwa limakhala la anthu a malipiro okhaokha.

Chichitikireni madzi osefukira a Freddy mu 2023, mayi a kunyumba safuna kuona ufa pansi, ndiye anandilamula shelefu ya kukhitchini. Ndinapita kwa amisiri, iwo n'kundiwerengera bwinobwino. Thabwa limodzi la paini la mainchi 8 by 1, lotalika mafiti 18, limatulutsa mashelefu anayi a mafiti 4, n'kutsalako kachidutswa. Posankha, uliimike cham'mbali, utsinzine diso limodzi, uone ngati msana wake uli wowongoka. Mfundo yakuda yokhala ndi mng'alu mozungulira imadzagwa n'kusiya bowo. Thabwa lodutsa pamtima pa mtengo limang'aluka. Louma limapepuka ndipo ukaligogoda limalira, laliwisi limangoti phi. Zonsezi ndinamva, ndinavomera ndi mutu, mpaka atatchula mtengo.

Pobwerera ndinakumana ndi mkulu wina ataunjika bulugamu m'mbali mwa msewu, pa theka la mtengo wa paini. Nditanyamula limodzi msana unalira.

"Achimwene, silaliwisi ili?"

"Bwana, kulemerako ndiye mphamvuyo. Paini ndi thabwa la ana asukulu."

Utuchi unali ukadali wonyowa, ukumata m'manja, koma mawu akuti bwana anandigwira mtima. Wakabaza anamangirira thabwa la mafiti 18 panjinga, ine ndikuthamanga pambuyo kugwirira mchira, anthu pamsika akutipatuka ngati kukudutsa maliro.

Bulugamu safuna msomali wongokhoma. Umayenera kuyamba waboola kabowo kocheperako kuposa msomali, makamaka kumapeto kwa thabwa, apo ayi limang'ambika. Ine choboolera ndinalibe, ndiye misomali ya mainchi 3 inkapindika ina, ina n'kutsegula mng'alu. Mabulaketi amisiri anati pakhale limodzi pa mafiti 2 aliwonse, kutanthauza atatu pa shelefu. Ndinaika awiri, kumapeto kokha, poti thabwa lamphamvu silifuna womuthandiza. Khoma lathu ndi la njerwa zowotcha koma zomangira dothi. Msomali pa njerwa unkakana, pamzere wa dothi unkalowa mosavuta, ine n'kumadziyamikira kuti dzanja lazolowera. Chofunika pamenepo n'kuboola njerwa yeniyeniyo, kulowetsa pulagi yogwira sikuluu, kenako sikuluu ya mainchi 2 ndi theka kapena 3.

Unali mwezi wa October. Amene sanagone kuchigwa kuno sangamvetse zimene denga la malata limachita masana kunja kukamadutsa madigiri 40. Thabwa laliwisi limachepa m'lifupi likamauma, m'litali silisintha kwenikweni. Langa linkauma msanga pamwamba poyang'ana malata, pansi likadali ndi madzi, ndiye m'mbali munayamba kudzuka, pakati n'kulowa. Bulugamu amawonjezera lake khalidwe lopotoka. Posakhalitsa shelefu inasanduka bwato, kona imodzi ikuloza kudenga, ndipo popotokapo inkazula misomali m'dothi muja pang'onopang'ono. Mabotolo a mafuta ankatsetserekera pakati n'kumakumana okha.

"Bambo a Chisomo, shelefu yanuyi ikuyenda."

"Ikukhazikika imeneyo," ndinayankha.

Apongozi aakazi anabwera kuchokera ku Ngabu ndi ndowa ya malita 20 yodzaza ufa woyera. Ine pofuna kuonetsa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa luso, ndinatuma Chisomo kuti aiike pa shelefu yapamwamba. Iwo anayala mphasa chapansi pake, pomwe pamadutsa kamphepo, n'kuyamba kusadzula masamba a chisoso. Ine ndinali pakhonde, patali monga mwa mwambo.

Phokoso linayamba ndi kulira kwa msomali, kenako mapoto, kenako ndowa. Shelefu yapamwamba inagwetsa yachiwiri, yachiwiri inagwetsa mlamba wouma. Utsi wa ufa utachepa, apongozi anali pomwe paja, osavulala, oyera kuyambira duku mpaka zala, maso okha akuphethira. Mkamwini sangapite kukasasa apongozi ake. Ndinangonjuta pakhomo n'kumaomba m'manja, "Pepani amayi, pepani amayi," nkhuku zikundidutsa m'miyendo kuthamangira phwando.

Iwo anapukuta pakamwa ndi chitenje n'kufunsa mwana wawo, osandiyang'ana ine: "Kodi bambowa ku ntchito kwawo amawapatsanso hamala?"

Amisiri atabwera anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anagwira ntchito. Khoma la dothi analisiya. Anapanga shelefu yoima yokha, miyendo ya 2 by 2, matabwa a paini wouma opala mbali zonse, ndi kamtanda kumbuyo kuti isagwedezeke. Miyendo anaipaka oyilo wakuda n'kuikhazika pa njerwa, shelefu n'kuitalikitsa pang'ono ndi khoma kuti chiswe chikayamba kumanga njira yake chioneke. Pokhala chakudya anapakapo vanishi yekha. Anandiuzanso kuti thabwa laliwisi lotchipa si loipa ukakhala ndi nthawi: uliunjike pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, timitengo topingasa pa mafiti 2 aliwonse tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, kumapeto upake penti kuti kusang'aluke, pamwamba utsamiritse miyala. Paini wa inchi imodzi amauma pa masabata angapo m'chilimwe cha kuno, bulugamu amafuna miyezi. Padzuwa ayi, amapindika tsiku lomwelo.

Ndalama zonse pamodzi, kuphatikizapo ufa wobweza, zinakwana kugula paini kawiri. Tsiku lonyamuka apongozi anapempha chidutswa chimodzi cha bulugamu uja, chokumbika kwambiricho. Anati akakhomera timatabwa kumapeto, abakha awo azimweramo madzi, ndipo ngati ndili ndi nthawi ndiwapangirenso china cha mbuzi.