Zikomo abale, mwendo uja wakwera zitunda za ku Namaqualand

Abale anga ndakhala chete nthawi yaitali, lero mundilole ndilembe motalikirapo chifukwa mtima wadzadza. Ambiri mukukumbuka chaka chatha mu Ogasiti pomwe ndinagwa pa sikafodi kuntchito kuno ku Cape Town, kakolo wakumanzere kuthyoka malo awiri, adokotala kuikamo chitsulo, kenako chikhakha masabata angapo ndili gone m'kachipinda kanga kumangowerenga malata. Ine munthu wokulira ku Likhubula, woti ndinathamangapo Porters Race pa phiri la Mulanje ndili mnyamata, kumalephera kufika kubafa popanda ndodo eti. Ndinalira ndithu sindibisa.

Ndiye Loweruka lapitali mwendo womwewo wathamanga pamiyala.

Tinanyamuka Lachisanu madzulo anthu anayi, msewu wa N7 kulowera kumpoto makilomita pafupifupi 500 mpaka Kamieskroon, m'mawa mwake kulowa msewu wafumbi wopita ku Skilpad mu Namaqua National Park. Dera limeneli miyezi yambiri ndi chipululu chenicheni, miyala ikuluikulu yofiirira ndi tizitsamba touma basi, mvula yake imagwa nthawi yozizira cha mu Juni ndi Julayi osati Disembala ngati kwathu, ndipo mbewu za maluwa zimangogona m'dothimo kudikira. Ikagwa bwino, Ogasiti ndi Seputembala nthaka yonse imasintha mtundu.

Koma ife kufika 8 koloko m'mawa, kukuzizira koopsa, maluwa kulibe. Onse atatseka. Ndinayang'ana achimwene omwe amayendetsa galimoto nkuti aise mafuta onse aja tawotchera izizi? Agogo ena aakazi a komweko anatiseka, akuti dikirani dzuwa litenthe kaye cha m'ma 11, komanso poyenda dzuwa lizikhala kumsana kwanu chifukwa maluwawa amayang'ana dzuwa, mukamalowera komwe kuli dzuwa mumangoona kumbuyo kwake. Tinamwa tiyi wa mu fulasiki tikudikira mokayika. Abale, itakwana nthawi ija chigwa chonse chinangoti psuu, olenji yekhayekha mpaka kukagunda m'munsi mwa zitunda, apo ndi apo toyera, tachikasu, ndi tapinki tija amati vygies tomera m'ming'alu ya miyala momwe simungaganize kuti mungamere kanthu. Foni sinajambule ngakhale theka la zomwe maso anaona.

Kanjira kake ndi ka makilomita 5, kale ndikanati ndi kongotenthetsera thupi, koma tsiku limeneli ndimathamanga pang'ono kuyenda pang'ono, pokwera bhobho, potsika ndi pomwe mantha anandigwira chifukwa timiyala timatsetsereka pansi pa nsapato ndipo mutu umangokumbutsa phokoso lija fupa likuthyoka. Mnzanga wina amangondinena kuti dzina loti Skilpad m'Chiafrikaans ndi fulu ndiye malowa anatchulira iweyo. Fuluyo anamaliza ndithu. Lamlungu tinapitirira ku Goegap kufupi ndi Springbok kukaona mitengo ya kokerboom, ija anthu a mtundu wa San ankaboola nthambi zake nkumasungiramo mivi, koma kumeneko ndinangoyenda, kakolo anali atatupa.

Tsopano zikomo. Mayi a ana kumudzi, inu munanyamula banja miyezi isanu ine osatumiza ngakhale 1 kwacha, mandasi anu ndi omwe analipira fizi, ndipo simunandinyoze tsiku ndi limodzi lomwe, mau anu a pa WhatsApp usiku uliwonse ndinawasunga onse. Achimwene, munandibereka kumsana pamasitepe ngati mwana, lendi munalipira miyezi itatu osauza munthu, lero ndaulula pepani. Anzanga a chipereganyu munandidumphitsa mzere kuti ndilandire msanga. Amayi a kumpingo, nsima ya nkhuku ija Lamlungu lililonse Ambuye akubwezereni pomwe munachotsa. Achemwali a fiziyo, kuchipatala kolimbitsa ziwalo kuja, omwe munkandiimika ndi mwendo umodzi mpaka thukuta kamukamu, ndinkakudani mumtima masiku amenewo, ndikhululukireni, munkadziwa chomwe mukuchita. Ndi anyamata a gulu lathu lothamanga omwe munkasiya liwiro lanu nkumayenda nane pang'onopang'ono m'mphepete mwa nyanja ndikutsimphina, sindidzaiwala.

Agogo a ku Skilpad aja dzina sindinafunse nkomwe, koma pakanapanda iwo tikanatembenuza galimoto 9 koloko.

Chitsulo chikadali momwemo ndipo kukazizira chimandikumbutsa, Lachitatu ndibwerera ku fiziyo. Nsapato ndaziika pakhomo zidakali ndi ufa wachikasu wa maluwa aja, sindinazichape, achimwene mukabwera musazigwire chonde.